Mazira awiri pa Dedza

Papita miyezi, koma funso limene Amayi anandifunsa tsiku lija likukana kuchoka m'mutu mwanga. Ndikakhala pamzere wa mafuta limabwera. Ndikadzidzimuka pakati pa usiku limabwera. Linali la mawu atatu okha. Mtsikana woperekera zakudya atawaikira mbale patsogolo, Amayi anaiyang'ana kanthawi, n'kutembenukira kwa ine, ndipo motsitsa mawu kuti a patebulo linalo asamve anati: "Onsewa ndi anga?"

Ankanena mazira. Analimo awiri.

## Malata ndi chisanu

Linali Lachisanu la mu Julayi 2024. Ndinanyamuka ku Lilongwe kusanayere bwino, makilomita 85 aja a pa M1 mpaka pa boma la Dedza, n'kupitirira pang'ono kukawatenga kumudzi kwathu ku Bembeke. Mphepo inali itasasula denga la khichini yawo, ndipo tinagwirizana kuti ulendo uno tisafolerenso udzu, tigule malata. Pofika cha m'ma 10 koloko tinali titagula kale. Kagalimoto kanga sikakanatha kuwasenza, ndipo mwini lole amene tinapangana naye anati ali ndi ulendo wina kaye, tionane dzuwa likapendeka.

Amene munakhalako ku Dedza mwezi umenewu mukudziwa. Tawuniyi inakhala pamwamba, mamita pafupifupi 1,600, ndipo m'mawa umenewo phiri lonse linali litafunda chifunga, mitengo ya paini ikungooneka mbuu. Amayi anali atadzikulunga zitenje ziwiri pamwamba pa juzi, manja atapisa m'khwapa. Chidzukire anali asanalawe kanthu.

"Tiyeni ku tiyirumu ya kumsika, bambo. Tiyi ndi sikono basi, m'mimba mufunde."

Ine ndinakana. Pa boma pomwepo pali kafe ina yaing'ono imene timakonda kuimapo ndi anzanga a kuntchito tikamapita ku Blantyre. Matebulo ake sakwana khumi, ena pakhonde, ena pakapinga. Ndadyapo kangapo, ndipo ulendo uliwonse ndinkadutsa pa mphambano ya Bembeke nditakhuta, osaganizako kuti munthu amene anandibereka amakhala pafupi chonchi koma sanapondepo phazi.

"Kumeneko n'kwa azungu," anatero.

"N'kwa aliyense wolipira, Amayi."

"Ndiye n'chimodzimodzi."

Chimene chinawagonjetsa ndi chisanu. Titafika pakhomo anaima, anamasula chitenje chapamwamba n'kuchimanganso bwinobwino, kenako anapukuta nsapato pa chiguduli kawiri konse ngakhale zinalibe matope.

## Chakudya cha ogonereza

Pa bolodi la pakhomo analemba ndi choko kuti brunch ilipo mpaka 1 koloko. Amayi sukulu analekezera Sitandade 3, koma mawu achilendo sawadutsa. Anandifunsa kuti imeneyo ndi ndiwo yanji.

Ndinawafotokozera. Mawuwa anayamba kulembedwa ku England mu 1895, ndipo anachita kulumikiza mawu awo awiri, lotanthauza kadzutsa ndi lotanthauza nkhomaliro. Chinali chakudya cha anthu amene achezera usiku wa Loweruka n'kudzuka dzuwa litakwera Lamulungu. Kadzutsa wawapitirira, nkhomaliro sinakwane, ndiye amadya kamodzi pakatikati, mosathamanga.

Amayi anaseka mpaka kugwira pakamwa. "Ndiye ife tadya zimenezo chibadwire. Dzina lokha ndi limene sitinkalidziwa."

Ankanena zoona. Nthawi ya dzinja kwathu palibe amene amakhala pansi kudikira phala. Tambala wachiwiri akamalira, khasu lili kale paphewa. Ukachita mwayi watafuna mkute wa dzulo, kapena wanyamula kachigubu ka thobwa. Umalima mpaka dzuwa lifike apa, ndipo Amayi analoza ndi dzanja pamwamba pa denga la kafeyo, kenako n'kuweruka, kusonkha moto, kudya kamodzi. Chakudya chimenecho ndiye kadzutsa, ndiyenso nkhomaliro.

"Kusiyana kwake, iwowo amadya nthawi ino chifukwa anagonereza," anatero. "Ife chifukwa tinalawira."

Kuseka kunatha atagwira menyu. Mawu a Chingerezi anawalumpha, maso anathamangira pa manambala. Amayi ndalama amaiwerenga m'ndowa za mbatata ya kachewere, poti ndi imene alima moyo wawo wonse, ndi imene inatiphunzitsa tonse anayi. Ndinaona milomo yawo ikuyenda. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza ndi mankhwala opopera mbatata zinakwera mosafunsa, pamene mavenda akabwera kumunda amanenererabe mpaka mlimi atatopa. Munthu wotere ukamuonetsa mtengo wa mbale imodzi ya m'kafe, chimene amaona ndi ndowa yodzaza mpaka kusefukira, imene anakumba, kusankha, n'kusenza pamutu mpaka kumsewu.

"Tiyeni tizipita," ananong'ona. "Kapena ndingomwa tiyi yekha."

Ndinawalanda menyuyo mwaulemu n'kuitanitsa mbale ziwiri zofanana.

## Rosita

Mtsikana woperekera uja anabwera ndi mipeni ndi mafoloko zokulunga m'kapepala. Amayi anazikankhira pambali n'kupempha madzi osamba m'manja. Mtima wanga unagunda, ndimaopa kuti awalozera sinki ya kuseri, iwo n'kuchita manyazi. Koma mtsikanayo anapita n'kubwera ndi jagi ya madzi ofunda ndi kabeseni, anagwada pambali pa mpando n'kuyamba kuwathirira. "Sambani, agogo."

Amayi anamufunsa kwawo. Atatchula mudzi, zinapezeka kuti ndi tsidya lina la dambo limene Amayi ankakatapako dothi lozirira m'nyumba ali mtsikana, ndipo agogo ake ankaimba nawo kwaya imodzi ku tchalitchi cha Bembeke. Kuyambira pamenepo mapewa a Amayi anatsika. Malo amene muli mdzukulu wa mnzako wa kukwaya sangakhalenso a azungu.

Tiyi anabwera m'tipoti, mkaka m'kajagi kakekake. Makapu anali a ku Dedza Pottery, olemera, ojambulidwa pamanja. Malo oumba amenewa akhalapo kuyambira 1987, ndipo alendo ochokera maiko akutali amanyamula makapu ake kupita nawo kwawo, koma Amayi, amene akhala m'boma lomweli zaka zonsezi, aka kanali koyamba kumwera imodzi. Anaifumbata ndi manja awiri kuti iwafunditse zala. Ine ndinaitanitsa khofi wa ku Mzuzu, amene alimi ang'onoang'ono amalima m'mapiri a Misuku ndi Viphya. Anamununkhiza, analawa pang'ono, n'kundibwezera kapu nkhope itakwinyika. "Mankhwala a malungo awa." Anabwerera ku tiyi wawo wa ku Thyolo, shuga masupuni atatu.

Kenako mbale zinafika, utsi uli tolotolo. Buledi wootcha magawo awiri, soseji, nyemba zamsuzi, tomato wodula pakati n'kumuwambika, mbatata zodula timabenthu zokazinga ndi makoko ake omwe pamodzi ndi anyezi, ndi mazira awiri okazinga, chikasu chake chikadali chofewa.

Mbatata anaizindikira asanailawe. "Rosita uyu," anatero, kutchula mtundu wa mbatatayo, poona khungu lofiirira. Anatola kabenthu kamodzi, anatafuna, n'kuvomera ndi mutu. "Mlimi wake anamusiya akhwime. Akanamukumba msanga bwenzi ali madzi okhaokha." Anandiuza kusiyana kwake ndi Violet, imene ikapsa imagwira mafuta mwa mtundu wina, ndi chifukwa chake a pachiwaya amasankha iyi n'kusiya iyo. Patebulo limenelo katswiri anali iwo, ndipo ndinakondwa kuwaona akulankhula mokweza mawu.

Ndiye maso anafika pa mazira.

## "Onsewa ndi anga?"

Poyamba ndinayesa akudabwa ndi kuchuluka kwa chakudya. Ndinayankha mopepuka kuti inde, anga ndi awa. Koma sanayambe kudya. Anangokhala duu, dzanja lili m'mphepete mwa mbale.

"Ine sindinadyepo mazira awiri," anatero. "Ngakhale limodzi lathunthu, la ine ndekha, sindikulikumbuka."

Ndinangoti kakasi. Pakhomo pathu nkhuku sizinatherepo. Chaka chimene chitopa chinasesa mudzi wonse, Amayi anakapempha kamsoti kwa achemwali awo n'kuyambiranso. Khola ankakonza okha, zisa ankaika okha, ndipo ndi iwo okha amene ankadziwa thadzi limene likuikira mobisa kuseri kwa nkhokwe. Zaka zoposa 40 mazira akudutsa m'manja mwawo.

Anandiwerengera mosadandaula, ngati akukamba za mvula ya chaka chatha. Ali mtsikana, akuluakulu ankati mazira si chakudya cha mwana wamkazi. Atatenga pathupi, apongozi ndi azimayi aakulu anawalangiza kuti akadya dzira mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Kusikelo anamwino ankanena kuti zimenezo n'zabodza, kuti mayi woyembekezera ndiye afunika dzira kuposa aliyense, koma pobwerera kumudzi unkapeza apongozi, osati namwino. Anasala pa mimba zonse zinayi. Ife titabadwa, dzira linasanduka ndalama: la mchere, la sopo, la kuchigayo, la makope. Otsala ankasiyira thadzi lifungatire, poti dzira ukadya latha lero, ukalisiya ndi nkhuku ya pa Khirisimasi. Likapezeka lophika linali la Abambo, la mlendo wofika mosayembekezereka, kapena la mwana amene wadwala n'kumakana nsima.

"Kulawa ndalawa," anawonjezera, ngati akufuna kunditonthoza. "Wophika salephera kulawa mchere."

Pamenepo ndinakumbukira masiku a mayeso a Sitandade 8. M'mawa uliwonse ndinkapeza dzira lowiritsa m'thumba la kabudula wa yunifolomu, likadali lotentha, ndi kamchere kokulunga m'pepala la kope. Ndinkayamba ndafunditsa nalo manja, n'kulisenda ndili pafupi ndi sukulu. Sindinafunsepo kuti iwowo adya chiyani m'mawa umenewo. Nkhani ya dzira limeneli ndakhala ndikuuza anzanga, ndikuuza ana anga, pofuna kuonetsa mmene Amayi ankandikondera. Mbali yake inayo ndinaimva tsiku limenelo, ndili ndi imvi zanga kale m'ndevu.

Kenako anachita chimene ndinayenera kuchiyembekezera. Anatambasula kapepala kopukutira pakamwa n'kuyamba kunyamula dzira limodzi kuti akulungire mdzukulu wawo, mwana wa mlongo wanga amene amakhala naye. Koma dzira lokazinga silimangika pachitenje. Atangolikweza, chikasu chinaphulika n'kuyenderera pa buledi ndi m'zala. Anayesa kuwolera ndi chala, zinakanika. Anayang'ana m'mbale ngati munthu amene wataya ufa panjira.

Mtsikana uja anali ataima chapafupi. Anasendera, anawerama, n'kunena chapansipansi: "Agogo, awa idyani. A mwana ndikawauza kukhichini awiritse ena, munyamule."

Amayi anandiyang'ana. Ndinavomera ndi mutu, poti mawu sakanatuluka bwino.

Anadya. Ananyema buledi, kusunsa m'chikasu chija, kutafuna pang'onopang'ono. Dzira loyamba, mbatata, tiyi. Anapuma. Chifunga chinayamba kuyera, dzuwa linafika pakhonde, iwo n'kumasula chitenje chimodzi kuchiyala pamiyendo. Dzira lachiwiri. Tinakhala pamenepo kupitirira ola. Palibe anawaitana, palibe mwana analira, palibe mphika unali pamoto. Tipoti itatha mtsikanayo anabweretsa madzi ena otentha osafunsa.

M'ola limenelo ndinamva nkhani zimene ndinali ndisanamvepo. Anandiuza za mayi wina wa ku Mozambique amene anawoloka malire pothawa nkhondo kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nthawi imene midzi ya ku Dedza ndi Ntcheu inadzaza othawa kwawo. Amayi anamugawira mizere ingapo kudimba, ndipo ankathirira limodzi, wina atabereka ine, wina atabereka wake. Mtendere utabwera mu 1992 mayiyo anabwerera kwawo, osaonananso mpaka lero, ngakhale malire ali pafupi moti ukaima pamsika wa Lizulu mbali ina ya msewu ndi Mozambique. Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuzepo. Anati, "Ndikanakuuza nthawi yanji?"

Atamaliza anapukuta mbale ndi kachidutswa komaliza ka buledi, anatsamira kumpando, n'kunena mawu ena amene andikhala pamtima: "Lero ndadya chisanazizire."

Amene munakulira kumudzi simufunika kufotokozeredwa. Amayi amaomola mitanda ya abambo, ya anyamata, ya ana, kupungula ndiwo m'mbale zonse, kutumiza mwana akapereke. Iwo amakhala pansi pomaliza, kukhichini, ndi mtanda wotsala ndi nkhoko za mumphika, ndiwo zitatsala msuzi.

Bilu itabwera anayang'ana kumbali kuti asaione. Koma potuluka anamasula mfundo ya pachitenje, anatulutsa K1,000 yopindapinda n'kumufumbatitsa mtsikana uja. Mazira owiritsa aja anawagwira pamiyendo ulendo wonse wobwerera kumudzi, lole ya malata ikutitsatira pambuyo.

## Zimene achimwene ananena

Madzulo ake ndinawaimbira achimwene anga aakulu. Anamvetsera nkhani yonse, kenako anafunsa za bilu. Nditatchula anakhala chete kanthawi.

"Ndalama imeneyo ukanangowapatsa m'manja, mphwanga."

Sindikuwaweruza. Iwo ndi amene ali pafupi ndi mudzi, ndi amene amathamanga usiku wina akadwala, ndipo mtengo wa thumba la feteleza amaudziwa kuposa ine. Ndalama ya mbale ziwiri zija ikanagwira ntchito yooneka ndi maso.

Koma ndalama m'manja ndakhala ndikuwapatsa. Mwezi uliwonse ndimatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo ndinkagona mtima uli m'malo kuti kholo ndikulisamala. Sabata yotsatira ndinakhala pansi n'kuilondola ndalamayo, ndikuwafunsa pang'onopang'ono pafoni. Ina inapita kwa aganyu okumba mbatata. Ina inakalipira fizi ya mdzukulu wina kusekondale. Ina chipepeso pa maliro awiri. Ina ku mphakati. Ina anabwereka mnansi amene mwana wake anagonekedwa kuchipatala. Zonsezi n'zoyenera, ndipo sindingawaletse, poti mudzi umayenda choncho ndipo tsiku lina adzathandizidwa ndi anthu omwewo. Koma pa ndalama yonseyo sindinapeze ngakhale K500 imene inalowa m'kamwa mwawo. Ndikawagulira shuga amagawa. Ndikawagulira nkhuku amaweta. Nsapato zimene ndinawagulira chaka chatha ndinaziona kuphazi kwa azakhali.

Mazira kumudzi alipo, okoma kuposa a m'kafe. Mbatata ndi yawo yomwe. Chimene kulibe ndi mpando woti mayi akhalepo wina n'kumuphikira, ndi mbale yobwera m'dzina lake pamalo poti palibe womugawira. Pakhomo pawo sangathe ngakhale titawakakamiza bwanji. Maso a ana amakhala padzanja lawo, ndipo iwo sangameze. Panafunika kuwachotsa pakhomo, kulipira mtengo wopweteka uja, ndiponso dzira lokana kumangidwa, kuti chakudya chifike kwa mwini wake.

Ndimakonda kudyera pamodzi kwa kwathu, mbale imodzi manja ambiri. Ndinakulira momwemo ndipo ndikufuna ana anga akudziwe. Koma m'kudyera pamodzi muja muli mndandanda umene sitiutchula, ndipo pali munthu amene amakhala kumapeto kwake tsiku ndi tsiku. Nditabwerera ku Lilongwe ndinayamba kuuona m'nyumba mwanga momwe. Ine ndi ana tili patebulo, mayi a ana akadali chiimire pambaula, akuti, "Yambani, ndikubwera." Mawu amenewo ndawamva zaka 9 za banja koma sankalowa m'khutu. Masiku ano sitiyamba. Ana amadandaula kuti nsima ikuzizira, ine ndimawauza kuti adzuke akanyamule mbale kuti mayi awo akhale pansi msanga.

Achimwene sanasinthe maganizo, ndipo nkhaniyi sitinaikambenso.

## Okutobala

Tinabwererako mu Okutobala, kunja kutatentha, minda ili yogalauza kudikira mvula. Ulendo uno panalibe malata. Ndinangowaimbira kuti Loweruka akonzeke, ndipo ndinawapeza atasamba kale, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, m'manja muli kajumbo ka mbatata.

"Imeneyo ya kuti, Amayi?"

"Ya mwana uja. Alawe yanga."

Pakhomo la kafe anapukuta nsapato kamodzi n'kulowa patsogolo panga, molunjika patebulo lomwe lija la pakhonde. Mtsikana uja tsiku limenelo sanali pantchito, choncho kajumbo anakasiya kwa anzake, atawauza kawiri kuti asaiwale kunena kuti yachokera kwa agogo a ku Bembeke. Amene anabwera kudzatilandira anali mnyamata. Menyu atawapatsa sanaitsegule n'komwe. Anaitanitsa okha: tiyi wamkaka, buledi, mbatata, mazira awiri.

"Owiritsa kapena okazinga, agogo?"

Amayi anaganiza pang'ono, akusisita m'mphepete mwa tebulo ndi chala.

"Kazingani, mwana wanga. Owiritsa ndinganyamule."